Tamanda akuika buku pamphuno, kusukulu akuti vuto ndi mutu: ndithandizeni maganizo

Amake Tamanda, Chinamwali
Moni nonse pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga zanu osayankhula, lero ndalimba mtima. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 8, anabadwa ndi Down syndrome, vuto limene limachedwetsa mwana kukula ndi kuphunzira. Chaka chino ndi chachiwiri ali mu Sitandade 1. Lachisanu aphunzitsi ake anandiitana n'kundiuza kuti mwanayu sakugwira kanthu, anzake akamalemba iye amangosewera ndi pensulo kumbuyo. Anati mwina ndingomusunga pakhomo. Sindinayankhe, ndinangogwira dzanja la mwana wanga n'kumapita.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Kunyumba Tamanda amadziwa zinthu. Ndikamutuma mthiko amabweretsa mthiko, osati chipande. Nyimbo za kutchalitchi amaziimba mpaka kumapeto. Koma ndikamupatsa buku amalifikitsa pamphuno penipeni, n'kupendeketsa mutu. Dzulo tikusankha mpunga palichero, timiyala sankationa, ankangofufuza ndi zala. Pa sitepe ya khonde amaima kaye n'kuyesa ndi phazi ngati munthu wolowa mumtsinje. Diso lakumanja limalowa mkati akatopa. Kodi zonsezi ndi Down syndrome yomweyo, kapena pali china chimene ndikuchiphonya?

Anganga a ku Sadzi
Pepa mwanawe. Mawu oti umusunge pakhomo amapweteka, ndinawamvapo pa mdzukulu wanga. Usamuchotse sukulu. Dikira odziwa ayankhe.

Wa za maso
Mayi, ine ndimagwira ntchito yoyeza maso, ndipo zimene mwalembazi ndi zizindikiro zoti mwana akufunika kuyezedwa msanga. Sindinganene chenicheni ndisanamuone, koma ndikuuzeni izi. Ana oposa theka a Down syndrome amakhala ndi vuto lina la maso. Ena saona bwino patali, ena pafupi, ena diso limalowa mkati monga mwanenera, ena maso amagwedezeka okha, ena amabadwa ndi ng'ala kapena imabwera akukula. Ambiri amatuluka misozi nthawi zonse ndi manthongo m'zikope chifukwa kanjira ka misozi n'kopapatiza.

Pali vuto lina lobisika limene ngakhale ife timaliphonya tikamafulumira. Diso la mwana limayenera kusintha mphamvu likachoka pa bolodi kupita pa kope. Mwa ana ambiri a Down syndrome kusinthako n'kofooka, ndiye zapafupi zimaoneka mbuu ngakhale mwana akuona nkhuku kutsidya kwa msewu. Ofufuza a ku Cardiff University ku Wales anaphunzira nkhaniyi zaka zambiri ndipo anapeza kuti magalasi a mbali ziwiri, kumtunda koonera patali kumunsi koonera pafupi, amathandiza ana otere.

Amake Tamanda, Chinamwali
Zikomo adokotala. Koma Tamanda zilembo sazidziwa. Paja kuchipatala amakuuza kuti uwerenge zilembo zapakhoma zija? Ndiye amuyeza bwanji? Ichi n'chimene chinandilepheretsa kupita kale.

Wa za maso
Makolo ambiri amabwerera pa mfundo imeneyi, ndipo zimandimvetsa chisoni. Mwana safunika kuwerenga, ngakhale kuyankhula kumene. Timamudontheza mankhwala m'maso, timadikira pang'ono kuti kamwanadiso kakule, kenako timaunika ndi katochi kapadera n'kumasinthasintha timagalasi patsogolo pa diso. Kuwala kobwerera kuchokera m'diso ndiko kumatiuza mphamvu ya magalasi ofunika. Khanda la miyezi ingapo limayezedwa chonchi. Mankhwalawo amachititsa kuti aone mwachimbuuzi ndi kudana ndi dzuwa kwa maola angapo, mwina mpaka mawa lake, ndiye mutenge chipewa.

Yambani ku chipatala chimene muli nacho pafupi, akulembereni m'buku lake la kuchipatala kuti mupite ku gawo la maso ku Zomba Central Hospital. Zikafuna opaleshoni, ana amatumizidwa ku Lions Sight First Eye Hospital pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Musazengereze ndi diso lolowa mkatilo. Ubongo wa mwana ukamalandira chithunzi chosaoneka bwino kuchokera ku diso limodzi, umayamba kulinyalanyaza, diso n'kukhala laulesi. Kulidzutsa kumaphweka mwana asanapitirire zaka 7 kapena 8, pambuyo pake kumavuta ngakhale kuti nthawi zina kumathekabe. Malangizo a madokotala a ana ku America amati mwana wa Down syndrome ayezedwe maso asanakwane miyezi 6, kenako chaka ndi chaka mpaka zaka 5, kenako zaka ziwiri zilizonse. Kuno ambiri amafika kwa ife koyamba ali ndi zaka 10.

Chomaliza kwa gulu lonse: mukaona pakati pa diso la mwana payera, pamene pamayenera kuda, pitani tsiku lomwelo. Ikhoza kukhala ng'ala, ikhoza kukhala khansa ya m'diso. Ndipo chonde musathire m'maso mkaka wa m'mawere, madzi a masamba kapena mkodzo.

Che Bwanali, Songani
Achemwali anga amake Tamanda, ine ndili ndi anyamata awiri achialubino, wamkulu ali Sitandade 7. Nkhani yanu ndi yanga zikusiyana koma zikukumana pa bolodi. Wamkuluyo anabwereza Sitandade 2 kawiri. Ndinkamukalipira kuti ndi waulesi, lero ndimadzimvera chisoni. Tsiku lina ndinapita kusukulu mosayembekezeka ndipo ndinamupeza wakhala pafupi ndi zenera, dzuwa likumumenya kumaso, watsinzina, akukopera m'kope la mnzake zimene mnzakeyo analakwitsa kale. Bolodi sankaliona n'komwe. Zaka ziwiri zinapita chifukwa cha malo okhala basi.

NaPhiri, Matawale
Pepani ndifunse, musandiseke. Apongozi anga amati ana otere amabwera chifukwa mayi anaseka wolumala ali woyembekezera, ena amati ndi zam'banja mwa mkazi. Kuchipatala anandiuza kuti ndi majini. Ine mawu amenewo anandiopsa, kwathu majini ndi ziwanda.

Che Bwanali, Songani
Palibe wokusekani mayi. Inenso nditamva koyamba ndinaganiza za majini a kumzikiti aja. A kuchipatala amatanthauza tinthu ta m'thupi timene mwana amatengera kwa bambo ndi mayi, timene timasankha khungu, msinkhu ndi zina. Pa chialubino, bambo ndi mayi onse awiri amakhala atanyamula kanthuko ngakhale iwo ali akuda. Pa mimba iliyonse mwayi woti mwana abadwe mwalubino umakhala umodzi pa inayi. Ndiye mwamuna wothawa mkazi pa nkhani imeneyi akuthawa magazi ake omwe. Thupi la mwalubino silipanga mokwanira chimene chimadetsa khungu, ndipo chomwecho chimafunika kuti diso likule bwino, n'chifukwa chake maso awo amagwedezeka, amadana ndi kuwala, ndipo saona patali. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno. Si ochepa ayi.

Wa za maso
Che Bwanali alongosola bwino. Down syndrome ndi yosiyana pang'ono. Munthu amakhala ndi ma chromosome 46, timitolo tonyamula majini aja, koma mwana wa Down syndrome amakhala ndi 47, chifukwa nambala 21 imakhala itatu m'malo mwa iwiri. N'chifukwa chake tsiku lokumbukira anawa ndi 21 Malichi. Nthawi zambiri sichichokera kumtundu, chimangochitika pamene mimba ikuyamba. Mwayi wake umakwera mayi akamakula, koma atsikana aang'ono nawonso amabereka ana otere. Palibe chimene mayi anadya, anaseka kapena anaponda.

NaPhiri, Matawale
Mawu amenewa ndiwawerengera apongozi madzulo ano. Zikomo.

Mphunzitsi wa maphunziro apadera
Ndachedwa kulowa, ndinali ku kalasi. Amake Tamanda, ine ndinaphunzira ku Montfort Special Needs Education College ku Nguludi, ndipo ndikufuna nditsindike pa chinthu chimodzi. Ana a Down syndrome ambiri amaphunzira bwino ndi maso kuposa ndi makutu. Ukamuuza mawu ambiri amataya ena panjira, komanso ambiri makutu awo amatsekeka ndi madzi kawirikawiri. Koma ukamuonetsa chithunzi, chinthu chenicheni, kapena liwu lolembedwa pakhadi, amagwira. Ndiye taganizani: khomo lalikulu lolowera nzeru mwa mwanayu ndi maso, ndipo khomo lomwelo ndi lotsekeka. Aphunzitsi akaona kuti sakulemba amangoti ndi Down syndrome, nkhani yathera pomwepo. Dzina limodzi limaphimba zonse, maso osayezedwa, makutu osayezedwa.

Mukachoka kuchipatala musangobwerera kunyumba ndi magalasi. Pitani kwa ahedi mukapemphe msonkhano wolemba dongosolo la maphunziro a mwanayu payekha, ife timati IEP. Pakhale inu, aphunzitsi a m'kalasi mwake, ahedi, ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera. Ngati pasukulupo palibe, funsani kwa a PEA, alangizi a masukulu a pulayimale, ku TDC (likulu la aphunzitsi) ya zoni yanu, akuuzani amene amayendera masukulu a kumeneko kapena resource centre, malo othandizira ana olumala pa maphunziro, imene ili pafupi. Boma linatulutsa National Strategy on Inclusive Education ya 2017 mpaka 2021, ndipo mfundo yake ndi yoti mwana aphunzire pasukulu ya kwawo limodzi ndi anzake, sukulu ndiyo isinthe. Palibe mphunzitsi amene ali ndi mphamvu yobweza mwana chifukwa cha ulumali.

Aphunzitsi a ku Jali
Ndikupempha ndiyankhule ngati mphunzitsi wamba, musandione ngati mdani. M'kalasi mwanga muli ana 100, okhala pansi. Bolodi linayera kale, choko chikalemba sichioneka ngakhale kwa ine. Mapepala a IEP ndinawaonapo, amalembedwa bwino, amasainidwa, kenako amalowa m'kabati ya ahedi mpaka chiswe. Mnzanga amene anauza mayiwa kuti asunge mwana pakhomo analakwa, sindikumuikira kumbuyo. Koma tisawapatse mayiwa chiyembekezo cha pepala. Ine ndingamuthandize bwanji mwana mmodzi payekha pamene ena 99 akukuwa?

Amake Tamanda, Chinamwali
Aphunzitsi, ndikukumvani. Kalasi ya Tamanda nayonso ndi yodzaza, ndinaona ndekha. Sindikufuna kuti asiye ana ena. Ndikungofuna kuti mwana wanga asamakhale kumbuyo ngati thumba.

Mphunzitsi wa maphunziro apadera
Achimwene a ku Jali, zimene mwanena ndi zoona, ndipo mapepala odyedwa ndi chiswewo ena ndinalemba nawo ine. Ndinaphunzirapo kuti IEP ya masamba asanu imafa. Imene imakhala ndi moyo ndi ya tsamba limodzi, yomatidwa mkati mwa chikuto cha rejisitala, yokhala ndi zinthu zoti mphunzitsi wa ana 100 angazichite osataya mphindi zisanu.

Mwachitsanzo, malo okhala. Kutsogolo, pakati, zenera likhale kumbuyo kapena kumbali kwake. Izi sizifuna ndalama. Pensulo ichoke, chifukwa imalemba motuwa papepala lotuwa, alembe ndi bolopeni yakuda kapena maka. Mizere ya m'kope mayi aidetse kunyumba ndi rula madzulo, masamba awiri pa tsiku akwana. Zilembo zimene kalasi ikuphunzira sabata imeneyo zilembedwe zikuluzikulu pa katoni ya sopo yodula, mwana azigwira m'manja pamene anzake akuyang'ana pa bolodi. Makhadiwo akhoza kulemba ndi a mother group kapena mchemwali wake wa Sitandade 6. Mphunzitsi akamalemba pa bolodi azitchula mokweza chimene akulemba, ndipo izi zimathandiza kalasi yonse. Bolodi loyera lija, komiti ya sukulu ikhoza kulipaka utoto wakuda ndi ndalama zotukulira sukulu, ndipo ana onse 100 apindula.

Kenako cholinga chikhale chimodzi kapena ziwiri pa teremu, zoti n'kuziyeza. Osalemba kuti "Tamanda azichita bwino". Lembani kuti pofika kumapeto kwa teremu azizindikira dzina lake pakati pa makhadi atatu, ndiponso aziwerenga zitsekerero za mabotolo mpaka 5. Mulembenso tsiku lodzakumananso. Popanda tsiku limenelo pepala limagona.

Ndikumbutsenso kuti ngakhale atavala magalasi, ana a Down syndrome ambiri saona mwakuthwa ngati anzawo. Zilembo zazikulu ndi zakuda bii zikhalebe, musazisiye poti magalasi abwera.

Aphunzitsi a ku Jali
Za katoni ndi bolopeni ndingathe. Za kutchula mokweza ndimachita kale. Chimene chimandivuta ndi pamene mwana wakhala kutsogolo koma anzake akumulanda magalasi pa nthawi yopuma. Ndinali naye mmodzi, magalasi anathyoka sabata yoyamba, makolo sanathenso kugula ena.

Anganga a ku Sadzi
Mdzukulu wanga tinamupezera mnzake, mwana wa oyandikana nawo nyumba, wofatsa. Amapitira limodzi, amakhala limodzi, amabwerera limodzi. Aphunzitsi anaima kutsogolo tsiku loyamba n'kuuza kalasi kuti magalasi awa ndi mankhwala, wowagwira wagwira mankhwala a mnzake. Mpaka lero alipo, patha chaka.

Mtsikana wa ku Chirunga
Ine ndine mwalubino, ndili ku yunivesite kuno ku Zomba. Ndawerenga zonse ndipo ndalira pang'ono pa nkhani ya Che Bwanali chifukwa ndi yanga. Ndiwonjezere ziwiri. Choyamba, pokonza dongosololo mumufunse mwanayo. Ine aphunzitsi anandiika kutsogolo kwenikweni, pansi pa bolodi, mwa chifundo chawo, koma khosi linkandiwawa ndipo ndinkaona bwino ndikakhala chakumanja pang'ono chifukwa maso anga amadekha ndikapendeketsa mutu. Palibe anandifunsa. Ankandiwongola mutu ndi dzanja kuti ndikhale bwino. Tamanda akapendeketsa mutu musamuwongole, mwina ndi pamene akuonera, muwauze a kuchipatala aone chifukwa chake.

Chachiwiri, makolo a ana achialubino musalole kuti mwana angoikidwa pa braille, zilembo zowerenga ndi zala za anthu osaona, chifukwa cha khungu lake. Ambiri a ife timawerenga zilembo wamba zikakula, kapena tikayandikitsa pepala, ndipo chialubino pachokha sichimaliza munthu maso akamakula. Kuyandikitsa buku sikuwononga maso. Chimene chinandipulumutsa ine ndi kagalasi koonera patali kogwira m'dzanja limodzi, chipewa cha khonde lalikulu chimene ankandilola kuvala m'kalasi, ndi mnzanga amene ankandibwereka kope.

Che Bwanali, mwana wanu wa Sitandade 7 uja, yambani pano kukumbutsa ahedi. MANEB imakonza mapepala a mayeso a zilembo zikuluzikulu ndi a braille, koma sukulu iyenera kulemba vuto la mwana pa nthawi yolembetsa mayeso. Akaiwala, mwana adzapeza pepala wamba patsiku la mayeso.

Che Bwanali, Songani
Mwanangu, wandithandiza kwambiri. Izi sindinkazidziwa. Lolemba ndikhala ku ofesi ya ahedi. A APAM, bungwe la anthu achialubino, anatithandizapo pa mafuta a pakhungu ndi zipewa, koma za mayesozi ndinali ndisanafunse.

NaPhiri, Matawale
Nanga magalasi ogulitsa mumsika aja, sangathandize podikira? Ndi otsika mtengo.

Wa za maso
Ayi mayi, amenewo ndi owerengera akuluakulu amene adutsa zaka 40. Mwana amafunika oyezedwa, diso lililonse mphamvu yake, ndipo pakati pa galasi payenera kulunjika pakati pa diso. Olakwika angapangitse diso lolowa mkati kuipiraipira.

Amake Tamanda, mukapita mupemphenso kuti amuone makutu ndi chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi. Chithokomiro chikafooka mwana amakhala waulesi, wogonagona, wonenepa, ndipo kusukulu amangoti ndi mmene alili. Amayeza magazi, ndipo mankhwala ake alipo. Ngati mtima sanamuyezepo chibadwire, nenaninso, pafupifupi theka la anawa amabadwa ndi vuto la mtima.

Amake Tamanda, Chinamwali
Mtima anamuyeza ali wakhanda, anati uli bwino. Zinazo ayi. Ndalemba zonse kuseri kwa buku lake la kuchipatala kuti ndisaiwale. Ndipita Lachiwiri.

Amake Tamanda, Chinamwali
Abale, ndabweranso patapita masabata asanu. Ndinapita. Tinafika m'mawa kwambiri, tinadikira mpaka dzuwa litakwera. Mankhwala odontheza aja analira nawo, ndinamufungatira pamiyendo n'kumamuimbira. Anapeza kuti maso onse awiri akufunika magalasi amphamvu ndithu, lakumanja kuposa lakumanzere. Ng'ala alibe. Anati ndizimuphimba diso lakumanzere maola angapo pa tsiku kuti lakumanja ligwire ntchito, ndipo tibwererenso pakatha miyezi itatu. Anandiuza mosabisa kuti pa msinkhu wake sangalonjeze kuti lidzafanana ndi linzake. Ndinalira panjira poganiza zaka zimene ndinakhala ndikuopa zilembo zapakhoma.

Magalasi tinalandira sabata yatha. Masiku awiri oyamba ankawavula n'kuwaponya. Tsiku lachitatu ndinamuveka tikudya nsima, manja ali otanganidwa, ndipo anaiwala kuwavula. Atatha kudya anatuluka panja, anaima pakhonde nthawi yaitali akuyang'ana phiri. Kenako anagwada n'kuyamba kutsatira mzere wa nyerere ndi chala mpaka pa dzenje lawo. Sitepe ija anatsika osayesa ndi phazi.

Vuto ndi loti magalasi amatsetsereka, mphuno yake ndi yaifupi, ndiye amayang'ana pamwamba pake.

Anganga a ku Sadzi
Ambuye alemekezeke. Za kutsetserekazo, tenga lasitiki wa telala, wofewa uja wa m'chiuno mwa siketi, umange ku miyendo ya magalasi azungulire kumbuyo kwa mutu. Usakoke kwambiri, chala chako chizilowa.

Wa za maso
Anganga anena zoona, lasitiki amathandiza. Koma mupite nawonso kumene munawatenga akapinde miyendo kuseri kwa makutu, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Akamayang'ana pamwamba pa galasi ndiye kuti sakuvala kanthu. Chophimba diso musalumphitse masiku, ndipo muzimuphimba pa nthawi imene akuchita za manja monga kusankha nyemba kapena kujambula.

Mphunzitsi wa maphunziro apadera
Nanga kusukulu?

Amake Tamanda, Chinamwali
Tinakumana Lachinayi. Mphunzitsi wa maphunziro apadera anabwera pa njinga kuchokera kusukulu ina. Aphunzitsi a Tamanda poyamba anali omangika, ankaganiza kuti ndabwera kudzawaneneza. Ndinawapatsa magalasi a Tamanda kuti ayang'anemo, anawachotsa msanga n'kunena kuti, "Mayi, ndiye kuti mwanayu popanda awa amaona chonchi?" Mphunzitsi wobwerayo anawafotokozera kuti sizifanana ndendende koma kusokonezeka kwake ndi kotere. Kuchokera apo tinayankhulana bwino.

Tinalemba tsamba limodzi monga munanenera. Akhala mzere woyamba ndi mnzake wa pafupi ndi kwathu. Alemba ndi bolopeni yakuda. Makhadi ndikulemba ndine, Lamlungu lililonse aphunzitsi azinditumizira zilembo za sabata pa foni. Cholinga cha teremu ino ndi dzina lake ndi kuwerenga mpaka 5. Tikumananso sabata yotsekera sukulu. Pepala lina lili kwa ine, lina m'rejisitala.

Chimene sitinagwirizane ndi chakuti chaka chamawa apite Sitandade 2 kapena abwerezenso. Ahedi akuti aone kaye mayeso. Ine ndikuopa kuti adzakhala wamkulu pakati pa tiana.

Aphunzitsi a ku Jali
Mayi, pamenepo ine ndingati apite ndi anzake. Kubwereza kachitatu mwana amataya anzake amene amuzolowera, ndipo mnzake womuyang'anira magalasi uja adzamusiya. Koma ahedi ambiri amaopa kukweza mwana wosakhoza mayeso. Funsani mphunzitsi woyenderayo ngati angalembe m'dongosolo kuti Tamanda aziyesedwa pa zolinga zake, ndipo a PEA adziwe msanga, osadikira Julaye.

Mphunzitsi wa maphunziro apadera
Ndikugwirizana nawo achimwenewa. Muike nkhaniyi pa msonkhano wa sabata yotsekerayo, ndipo mupite ndi makope ake onse, akale a pensulo ndi atsopano a bolopeni, ahedi akaone okha kusiyana kwake. Za makutu ndi magazi zija zinatha bwanji?

Amake Tamanda, Chinamwali
Makutu anati muli madzi pang'ono kumanzere, tibwerere mwezi wamawa. Magazi anatenga, zotsatira sizinatuluke. Zikatuluka ndidzakuuzani. Pano ndikudula katoni, sabata ino ndi chilembo cha "m". NaPhiri, ngati mukufuna kupita ndi wanu ku maso, Lachiwiri la pa ulendo wathu wa makutu tikhoza kukwera limodzi, ndikakusonyezeni khomo lake.

NaPhiri, Matawale
Ndibwera achemwali. Wanga ali ndi zaka 3, sanayezedwepo. Ndikudikirani pa siteji ya Matawale 6 koloko.